Mbale Imodzi, Masupuni Awiri

Mbale ija inabwera pa ndege ili pamiyendo. Masutikesi analowa kunsi kumene kumalowa katundu wa anthu onse, koma iyo a Cecilia anaikulunga m'chitenje n'kuifungatira ngati khanda, kuchokera kudziko la Apwitikizi mpaka kwawo ku Nambuma. Sinali mbale yoti munthu n'kuicheukira kawiri. Inali yadothi, yofiirira, yakuya pang'ono, ndipo m'mphepete mwake munatsala chidindo cha chala cha amene anaiumba. Mayi aliyense woumba miphika kuno akanaumba yoposa pamenepo. Mkati mwake munagona masupuni awiri, omangidwa pamodzi ndi kansalu.

A Cecilia anali atapuma ntchito yochapa nsalu za odwala pachipatala cha mishoni, ndipo amuna awo, a Stanislaus Nasoni, anali atapuma yaulangizi wa zaulimi. Mwana wawo Violet, namwino, anakwatiwa ndi Mpwitikizi amene anakumana naye kuntchito ku Mangalande. Atabereka mapasa kumudzi kwa mwamuna wakeyo, anaimba foni akulira kuti amayi bwerani, manja andichepera. Anati miyezi itatu yokha. Koma mapasa sakula pa miyezi itatu, choncho makolowo ananyamuka fodya atangotha kugulitsidwa n'kubwerera chimanga cha chaka china chili kale m'nkhokwe. Munda anawalimira a Elizabeth, mng'ono wawo wa a Cecilia.

Tinene chilungamo, a Nasoni sanali mwamuna woipa. Zaka zoposa makumi anayi anakhala pachikamwini m'mudzi wa akazi awo osakwezapo dzanja, osagonapo kumowa, osamvekapo ndi mbiri ya kuseri. Anali mwamuna wa kwathu kuno basi. Ankadyera patebulo, okha kapena ndi amuna anzawo, a Cecilia atawagwadira ndi madzi osamba m'manja, kenako n'kukadyera kukhitchini ndi ana. Popita kutchalitchi a Nasoni ankatsogola, mkazi pambuyo ndi ambulera ndi buku la nyimbo, ndipo akalowa aliyense ankakhotera mbali yake. Dzina loti Cecilia linatuluka komaliza m'kamwa mwawo tsiku la ukwati, pamaso pa wansembe. Kuyambira pamenepo mkaziyo anali "inu", ndipo mwana atabadwa anasanduka amake Violet. A Cecilia sankaona chodandaula, poti amayi awo anakhala choncho ndipo anzawo onse ankakhala choncho.

Mudzi wa apongozi ake a Violet unali pamwamba pa mapiri, nyumba zake zamiyala, anthu ake nkhalamba zokhazokha poti achinyamata anathawira m'matauni. Masabata oyamba a Cecilia anakhala monga kwawo. Tsiku loyamba lenilenilo anagwada kupereka tiyi kwa a Nasoni, ndipo mkamwini wawo Mpwitikizi uja anathamanga kudzawadzutsa, akuyesa agwa ndi chizungulire. Patebulo anakaniratu. Kudya pamaso pa mkamwini, iwo? Ankanamizira mapasa, n'kumadyera chiimire kukhitchini ena onse atatha.

Koma nkhalamba za m'mudzimo zokonda chisangalalo! Woyera aliyense anali ndi tsiku lake, ndipo tsiku lililonse la woyera linali ndi mphika wake. Ankati akanyamula chifanizo cha woyerayo n'kuzungulira nacho mudzi, pobwerera akupeza matebulo atayalidwa kale mumsewu.

Chikondwerero choyamba chinawapeza mu Novembala, kuno anthu akuyang'ana kumwamba kudikira mvula, uko kukuzizira kolowa m'mafupa. Chinali cha mtedza wina wobala mumtengo, umene amaukazinga pamoto wa pabwalo, komanso cha misuzi. Lamulo lake linali loti polowa ugule mbale yadothi, ndiye uziyenda nayo mphika ndi mphika. Iwo anafika mochedwa chifukwa cha mapasa, ndipo anapeza patsala mbale imodzi. Mayi wogulitsayo sanaonepo vuto. Anawayang'ana awiriwo, anaponyamo masupuni awiri, n'kuwakankhira mbaleyo akulankhula zakezake.

A Nasoni anaima nayo mbale ija, maso uku ndi uku, kufunafuna kumene kwakhala amuna. Kunalibe. Mabenchi anali aatali, ndipo anthu anangokhalapo mosakanizika, mwamuna apa, mkazi wake apa.

"Nanga titani, amake Violet?"

"Yambani inu, ine ndidya mukatha."

Koma apongozi ake a Violet, mayi wamfupi wovala zakuda, anawagwira a Cecilia m'mapewa n'kuwakhazika pabenchi ngati akukhazika mwana wamakani, supuni n'kuwafumbatitsa m'manja. Msuzi wake unali wa mbatata ya kachewere yosinja, masamba odula mopyapyala ngati ulusi, ndi timagawo ta soseji toyandama pamwamba, wodyera buledi wa ufa wachimanga wolimba kuposa chigumu. A Cecilia ankatapa m'mphepete mwenimweni, maso pansi, manyazi atawagwira mpaka m'makutu. Ndiye masupuni aja anagundana pakati pa mbale, ngwee! A Cecilia anaphulika nako kuseka. A Nasoni anayesa kulimbitsa nkhope, koma nawonso anagonja. Pomaliza panatsala kagawo kamodzi ka soseji, ndipo a Nasoni anakakankhira kumbali ya akazi awo. A Cecilia anakatafuna nthawi yaitali, ali ndi chimwemwe chimene sanachizolowere.

Zinayamba choncho. Kumeneko munthu amaitanidwa ndi dzina lake ngakhale ali ndi imvi, ndipo loti Cecilia Apwitikizi nawonso ali nalo, ndiye linkamveka mudzi wonse, pashopu, mumsewu, pakhomo la tchalitchi. Tsiku lina linamveka kuchokera m'munda wa mphesa, m'mawu amene a Cecilia ankawadziwa bwino: "Cecilia! Tabwerani mudzaone kadulidwe ka anthuwa." Iwo anacheuka kumbuyo kaye, kuona ngati pali Cecilia wina. Miyezi yozizira njira zamiyala zinkaterera, ndipo a Nasoni anayamba kuwagwira pachigongono potsetsereka. Kutayamba kufunda miyala inaleka kuterera, koma dzanja lija silinachoke.

Anadya nawo nkhumba ya mu Januwale, imene mudzi wonse umathandizana kupha ndi kuiwamba pa utsi. Anadya mkate wa Pasaka wokhala ndi dzira lathunthu mkati. Mbale ija inkapita nawo kulikonse, ngakhale kumene mbale zinali mbwee. Mu Juni kunabwera chikondwerero cha nsomba zonga utaka wonenepa, zootcha pamakala mumsewu momwemo, utsi uli tolotolo mudzi wonse. Maso a a Cecilia anatha ndi sopo ndi nthunzi ya kochapira, ndiye a Nasoni anavala magalasi awo n'kuyamba kuwachotsera minga, mnofu n'kumawaikira pabuledi. Mwamuna amene kwawo sankadziwa kumene kumakhala mchere! Itayamba kulira kodiyoni, nkhalamba zinadzuka ziwiriziwiri kukavina, ndipo a Nasoni, katswiri wa mganda pa unyamata wawo, anatambasula dzanja. Anawaponda zala kangapo konse, koma a Cecilia sanamve kuwawa. Violet ankawajambula pafoni, uku akupukuta misozi.

"Koma usatumize kumudzi zimenezo," anatero a Nasoni akupumira m'mwamba, ndipo onse anaseka, a Cecilia omwe.

Pobwerera kunyumba dzuwa linali likanali pamwamba, poti kumeneko mu Juni limachedwa kulowa. A Nasoni anaima pakati pa njira.

"Cecilia, ife tinataya zaka."

"Zaka zake ziti?"

"Zonsezi. Tamverani. Tikabwerera kwathu, tsiku la masika kutchalitchi, tidzadyera m'mbale imeneyi pamaso pa anthu onse. Inu pambali panga, pabenchi. Aone."

"Mukunena ndinu kapena vinyo?"

"Ndikunena ndine."

"Achimwene adzakusekani mpaka kugwa pansi."

"Adzaseke, mano ndi awo."

A Cecilia sanalipemphe lonjezo limeneli. Linabwera lokha, n'chifukwa chake analikhulupirira ndi mtima wonse. Pa ndege paja sankaopa kusweka kwa dothi kokha ayi. Ankaopa kuti mwamuna amene anamupeza kumapiri kuja, wowachotsera minga ndi wowaitana dzina, angatsalire komweko, iwo n'kubwerera ndi wakale uja.

Kubwalo la ndege ku Lumbadzi kunabwera a Rabson, mchimwene wawo wamkulu wa a Cecilia, mwini mbumba, munthu wa mawu aakulu ndi nthabwala zosatha, amene ankawakonda a Nasoni ngati m'bale wa bere limodzi. Anabwera ndi galimoto yahayala. Anatsegulira alamu awo chitseko cha kutsogolo, a Cecilia n'kukhala kumbuyo ndi zikwama. Palibe analakwa pamenepo, ndi mmene anthu amakhalira m'galimoto.

Kumudzi alendo anayamba kusefukira, amuna pakhonde, amayi kuseri. A Nasoni anasanduka wailesi ya mudzi. Ankasimba za nkhalamba zonyamula chifanizo cholemera kuposa thumba la feteleza, za nkhumba yolendewera pa utsi miyezi yambirimbiri, za vinyo amene eni ake amangomwa ngati thobwa. Ankasimba mokoma, amuna n'kumaseka chikhakhali. A Cecilia ankamvetsera ali kukhitchini, kudikira kuti afike pa kodiyoni paja, pa minga ya nsomba paja. Nkhani inkafika pafupi, n'kukhota. M'dziko la Apwitikizi la pakhonde lija munali chilichonse kupatula iwo, ndipo zimenezi zinkawapweteka.

Anaululira a Elizabeth tsiku lina akuswa mtedza kuseri kwa nkhokwe. A Elizabeth anagwira pakamwa.

"Kuvina mutagwirana? Alamu omwewa?"

"Omwewa. Ndipo pa masika tikadyera mbale imodzi, pabenchi la amuna."

"Achemwali, zimenezo zisiyeni komweko. Kuno anthu adzati munawadyetsa mankhwala. Munthu wamkulu ngati uja, wapampando wa mphakati wa kutchalitchi, kukhala pagulu n'kumalimbirana msuzi ndi mkazi? Mukufuna aziwaimba m'chimtali, eti?"

"Ananena okha."

"Ananenera kwa eni, kumene kulibe wowadziwa. Ine ndakutsinani khutu."

Alendo atayamba kuchepa, tsiku lina masana anapezeka awiriwiri m'nyumba. A Cecilia anakoka mpando n'kukhala patebulo monga anazolowera kwa Violet. A Nasoni anamwetulira, anawasunthira mbale ya ndiwo. Asanapite patali panja panamveka "Odi kuno!" ndipo anali a Rabson, bawo lili kukhwapa. A Nasoni anadzidzimuka ngati mwana wogwidwa dzanja lili mu shuga. A Cecilia sanadikire kuuzidwa. Anatola mbale yawo n'kutulukira khomo lakuseri.

Bawo litatha, a Nasoni anawatsatira kukhitchini n'kuima pakhomo, malo amene sankaimapo.

"Musakhumudwe. Zobisalabisala za m'nyumbazi n'zimene zimapatsa manyazi. Dikirani masika. Tikachita kamodzi pagulu zatha, anthu azolowera."

"Mukukumbukirabe kodi?"

"Ndingaiwale bwanji, Cecilia?"

Dzinalo analitchula motsitsa, atayamba acheuka kaye kubwalo, komabe analitchula. Mtima wa a Cecilia unakhalanso m'malo.

Tsiku la masika, limene akhristu amakapereka zokolola zawo kutchalitchi, linafika mu Ogasiti mphepo ikuulutsa fumbi ndi makoko a chimanga. A Cecilia anali atakonzeka kale. Kachewere anakagula okha pamsika, akusankha ngati akusankha mbewu. Soseji anachita kuitanitsa ku Lilongwe kudzera kwa kondakitala wa minibasi. Repu anathyola m'dimba mwa a Elizabeth mame akanalipo, n'kumudula mopyapyala mpaka zala kuchita dzanzi. Buledi wa chimanga anaphika dzulo lake, woyamba anapserera, wachiwiri anatheka. Duku anatulutsa latsopano, limene Violet anawagulira potsanzikana.

Misa inali yaitali monga imakhalira tsiku limeneli. Mphakati uliwonse unalowa ndi zake ukuvina, matumba a chimanga pamapewa, malichero a mtedza pamitu, nkhuku zomangidwa miyendo, mitolo ya nzimbe, ndi mbuzi imodzi imene inakana kufika kuguwa mpaka anachita kuinyamula. A Cecilia ankaimba nawo koma mtima unali kwina. Maso awo ankangothawira kumbali ya amuna, kumene kunkaoneka dazi la a Nasoni.

Itatha Misa anthu anagawikana popanda wowauza. Amuna ananyamula mabenchi kupita nawo pansi pa mitengo ya keshya, kutsogolo kwa tchalitchi. Amayi anapita kumafuwa, kumene kunayalidwa mphasa. Pakati pa mbali ziwirizi panali bwalo loyera, lopanda ngakhale kamtengo, ndipo mkazi ankalidutsa pokhapokha akukapereka chakudya cha amuna kapena akukatenga mbale.

A Cecilia anatereka kamphika kawo pambali. Amayi anzawo anabwera kudzasuzumira.

"Nanga ili ndi phala lanji lamasamba?" anafunsa wina.

"Ndi za kwa Violet," a Elizabeth anawayankhira msanga. Kenako anawerama n'kunong'oneza, "Achemwali, chonde."

A Cecilia anamasula chitenje, anatulutsa mbale ija, anathiramo msuzi, anayandamitsa soseji pamwamba, buledi m'mphepete, masupuni onse awiri. Anakonza duku.

Bwalo lija linatalika tsiku limenelo. Anayenda choongoka, osawerama monga achitira mkazi akamayandikira amuna, mbale ili m'manja onse awiri. Ali pakatikati anaona chinthu chimene chinawalimbitsa mtima. Pabenchi, pakati pa a Nasoni ndi a Rabson, panali mpata wokwana munthu mmodzi, ndipo pampatapo a Nasoni anaikapo chipewa chawo. Anawasungira malo! Ndiye kuti mwamuna uja sanatsalire kumapiri, anabwera naye. Misozi yachimwemwe inafika m'maso, iwo anaibweza.

Anafika n'kuima patsogolo pa amuna awo. Kuima, osagwada. Nkhani za mitengo ya fodya zinayamba kuzima kuchokera kumapeto kwa benchi mpaka ponse panali zii. A Nasoni analandira mbale ija ndi manja awiri n'kuikhazika pamaondo. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana chipewa, ndipo dzanja lawo linanyamuka kulowera kuchipewako.

"Ehee!" anatero a Rabson akununkhiza. "Ndiye chakudya chija mumatisimbirachi, alamu? Koma chikununkhira." Anasuzumira m'mbalemo n'kuona masupuni. Sanafunse mwachipongwe ayi, anafunsa monga afunsira munthu wodabwa. "Nanga supuni inayi ndi ya ndani?"

Funso losavuta chotere, mwana wa sitandade wani akanayankha. Yankho lake linali litaima pomwepo, litavala duku latsopano. A Nasoni anayang'ana kumanja, anaona akuluakulu a mpingo. Anayang'ana kumanzere, anaona azilamu awo, eni mudzi, amene anawapatsa malo omangapo nyumba ndi munda wolima zaka zonsezi. Maso onse anali pa iwo, ndipo sanali maso oipa, anali odikira basi. Dzanja lija linafika pachipewa, linachigwira, n'kuuma pomwepo. Thukuta linatuluka padazi ngakhale kunja kunali mphepo.

"Ndi yanu, alamu," anatero a Nasoni. "Lawani."

A Rabson anawomba m'manja, anakankha chipewa chija n'kusendera pampata paja.

"Mwamuona mlongo wangayu? Wafika mpaka kwa azungu koma mwambo sanautaye. Akamaphikira mwamuna wake saiwala mchimwene wake. Amayi enawa aphunzireko!"

Amuna anavomereza, ena n'kuwomba nawo m'manja. Ndipo maondo a a Cecilia, amene anawalumbirira m'mawa wonse kuti lero sapinda, anapinda okha. Anagwada pafumbi, anawomba m'manja mwaulemu, anati zikomo. A Nasoni sanadzutse mutu, maso awo anali m'mbale.

Podzuka a Cecilia anawerama monga mwa masiku onse n'kuyamba kubwerera. Asanafike patali anamva kumbuyo kwawo masupuni akugundana, ngwee, kenako kuseka kwa a Rabson. Pamenepo mtima wawo unasweka, ndipo anaumva ukusweka.

Chowawa kwambiri chinali choti palibe anadziwa kuti pachitika kanthu. Akanasekedwa bwenzi zilipo bwino, akanakhala ndi womukwiyira. Koma kumafuwa kuja amayi anawalandira ndi nthungululu, akuti amake Violet mwatichotsa manyazi. A Elizabeth okha ndi amene anawayang'ana kumaso, n'kuyang'ana kumbali msanga. Ng'oma za chimtali zitayamba, a Cecilia anati msana ukuwawa, ndipo anakakhala pabeseni lotsukira. Mbale yawo inabwerera pamodzi ndi zinzake zapulasitiki, itapukutidwa ndi buledi mpaka kuyera. Anaitsuka. Anatsuka masupuni aja, anawapukuta ndi chitenje, anakhala nawo m'manja kanthawi. Kenako anadzuka n'kupita kumene akazi a Rabson ankalongedza ziwiya zawo m'dengu.

Pobwerera kumudzi dzuwa linali litapendeka. A Nasoni anatsogola monga mwa nthawi zonse, a Cecilia pambuyo, dengu lili pamutu. Anthu atapatukira m'makwawo, njira inalowa m'munda wa fodya momwe munangotsala ziputu, mopanda munthu. A Nasoni anachepetsa liwiro. A Cecilia nawo anachepetsa. A Nasoni anaima ngati akuchotsa kamwala mu nsapato. A Cecilia anaima pomwe anali, akuyang'ana ziputu, mpaka amuna awo anayambanso kuyenda.

Kunyumba a Nasoni anatseka chitseko, anakhala patebulo, anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja.

"Cecilia."

"Wawa, bambo a Violet."

"Munaona nokha mmene zinalili. Alamu anafunsa pagulu. Ndikanati chiyani?"

"Munayankha bwino. Anthu onse akuyamikira."

"Malo ndinakusungirani. Munaona chipewa, eti?"

"Ndinachiona."

"Chaka chamawa kulinso masika."

A Cecilia ankadziwa, ndipo a Nasoni ankadziwanso, kuti chaka chamawa benchi lidzakhala lomwelo ndi anthu ake omwewo.

"Watsalako msuzi uja?" anafunsa a Nasoni, mawu atachepa. "Kuja sindinaumve kukoma. Tenthetsani tidye. Tatsala awiri, chitseko ndatseka."

Unalipo wotsala m'kamphika. A Cecilia anakoleza moto, anautenthetsa bwinobwino osaupsereza, poti mkwiyo analibe, anali ndi chisoni chokha. Anauthira m'mbale yadothi ija, kagawo kotsiriza ka soseji pamwamba. Anabwera nayo, anaiika patebulo, anagwada ndi beseni ndi jagi. A Nasoni anali atakoka kale mpando wachiwiri n'kuuika pafupi ndi wawo. Anasamba m'manja mwachangu, anasunthira mbale pakati pa mipando iwiriyo, ndipo ndi pamene anaona kuti muli supuni imodzi.

"Inzake ili kuti?"

"Ndawapatsa achimwene," anatero a Cecilia akudzuka ndi beseni lawo. "Munati ndi yawo."

Anatuluka, anabweza chitseko pang'onopang'ono, n'kukakhala kukhitchini pamalo pawo pa zaka zonse. Anavula duku lija n'kumapukutira misozi, khutu atatchera kunyumba. Anadikira mpaka moto unazilala, ndipo m'nyumbamo simunamveke supuni.